Mzere umene kompyuta inajambula pamwamba pa Chikangawa

Mu lipoti la akatswiri a ku Germany lonena za ngozi ya ndege ya ku Chikangawa muli chithunzi chimene maso amathamangirako munthu asanawerenge n'chiganizo chimodzi chomwe. Ndi mapu, ndipo pamwamba pake pajambulidwa mzere wosonyeza mmene ndege inayendera m'mawa wa pa 10 June 2024. Mzerewo ukuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe n'kulunjika kumpoto. Ukafika kumapiri a Viphya ukuyamba kukhotakhota, kuzungulira, kutsika ndi kukwera, kenaka n'kuduka. Pamene wadukirapo ndi pamene anafera Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima, mayi Shanil Dzimbiri amene anakhalapo mayi wa fuko, ndi anthu ena asanu ndi awiri, atatu mwa iwo asilikali ogwira ntchito m'ndegemo.

Mzere umenewu palibe anauona ndi maso tsikulo. Amene anaulumikiza pa kompyuta ndi a BFU, bungwe la boma la Germany lofufuza ngozi za ndege, limene likulu lake lili ku Braunschweig. Boma la Malawi linawapempha thandizo, ndipo ndegeyo, Dornier 228 ya nambala MAF-T03, inapangidwa kwawo komweko. Lipoti limanena mosabisa kuti m'ndegemo munalibe black box, zida zija zojambula mawu a oyendetsa ndi kusunga mmene injini ndi ziwongolero zikuchitira. Chimene chinapezeka m'zigumukire ndi kachipangizo ka GPS ka Garmin, kamene kamalemba malo, nthawi ndi kutalika kwa pamene ndege ili. Timadontho timeneti anatiyala pa chifanizo cha mapiri ndi zigwa cha pa kompyuta, ulendo wonse n'kuonekanso ngati ukuchitika kachiwiri. Umu ndi mmene akatswiri amaphunzirira maulendo a ndege masiku ano, za nkhondo ndi za anthu wamba zomwe.

Tsono mzere woterewu uli ndi mphamvu yonyengerera. Umatchula nthawi mpaka sekondi, ndiye wowerenga amangoti zonse za m'lipotimo n'zotsimikizika chimodzimodzi. Ayi ndithu. Ukawerenga modekha umapeza kuti ziganizo zake sizinachokere pa chitsime chimodzi. Zina n'zoyezedwa ndi makina: ndege inanyamuka nthawi itangopitirira 9 koloko, inagunda phiri cha m'ma 10:16, pamalo otalika mamita pafupifupi 1,940. Zina n'zoonedwa pamalo a ngozi, monga mtengo umene phiko linayamba kugunda ndi mmene zitsulo zinamwazikira. Koma zina n'zongokumbukira anthu. Zimene oyendetsa ndege anakambirana pa wailesi ndi a pansi, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, sizinajambulidwe. Ofufuza anadalira zimene ogwira ntchito pa bwalo anafotokoza pambuyo pake, ndipo alembi ake anasamala kutchula mwini mawu paliponse pamene akuyendera pakamwa pa munthu.

Kusamala kumeneku kuli ndi ntchito. Usiku wa tsiku la ngoziyo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza mtundu kuti woyendetsa analangizidwa kubwerera ku Lilongwe chifukwa ku Mzuzu sikumaoneka bwino. Anthu ambiri anagona ndi mawu amenewo. Pakanakhala tepi, nkhaniyo ikanatha ndi kungomvera. Popeza tepi kulibe, lipoti silingaike chala pa sekondi yakutiyakuti n'kunena kuti apa anauzidwa zakuti. Mzere wa kompyuta ukusonyeza kuti ndege inazungulira, koma chifukwa chimene inazungulirira mzerewo sukuchidziwa. Ofufuza amachipeza pophatikiza nyengo ya tsikulo ndi maonekedwe a mtunda, n'kuona kuti oyendetsa ankafunafuna mpata pakati pa mitambo ndi nthaka. Kulingalira kwake n'komveka, ndipo ine ndikukuvomereza, komabe ndi kulingalira, si mawu otuluka pakamwa pa oyendetsa ndegeyo, Colonel Owen Sambalopa kapena Major Flora Selemani.

Ndime imene imandiwawa kwambiri ndi yaifupi, yolembedwa mozizira ngati risiti ya m'sitolo yogulitsa zitsulo. Ikunena za ELT, kawailesi kamene kamayenera kulira kokha ndege ikagwa kuti ofunafuna adziwe kolowera. Batire lake linatha nthawi mu 2004. Kuonjezera apo kanali ka mtundu wakale, kotumiza pa 121.5 ndi 243 MHz, mafunde amene masetilaiti a Cospas-Sarsat anasiya kumvera mu February 2009. Ta masiku ano timatumiza pa 406 MHz. Lipoti likungoonjezera zimene a nthambi ya ndege za asilikali anafotokoza, kuti zida zosinthira kunalibe ndiponso ndalama zogulira katsopano kunalibe. Silikudzudzula munthu, silikuika mfuu. Koma zaka 20 zija wowerenga amaziwerenga yekha, n'kukumbukira asilikali, apolisi ndi anthu a m'midzi akupondaponda m'nkhalango ya paini usiku ndi m'chifunga, akudalira nsanja ya mafoni ya kufupi ndi fakitale ya matabwa ya Raiply kuti iwapatse chigawo chofufuzamo, mpaka ndegeyo kupezeka pa 11 June. Kawailesiko sikakanaletsa ngozi. Kakanafupikitsa maola amene mphekesera zinamereramo mizu. Ndipo za kuchepa kwa zida za m'mlengalenga ife a ku Chiradzulu tinaziona kale mu March 2023, namondwe Freddy atakokolola mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe ndi madera ena a kummwera, dziko n'kudalira mahelikopita ochokera ku Tanzania.

Kuzizira kwa kalembedweka si kuuma mtima. Pachiyambi penipeni lipoti likudziikira malire: cholinga chake ndi kupewa ngozi ina, osati kupeza wolakwa kapena wolipira. Umenewu ndi mwambo wa Annex 13 ya ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, ndipo uli ndi nzeru yake, chifukwa makaniko kapena woyang'anira bwalo amene akuopa ndende sangaulule zimene anaona. Vuto n'lakuti Amalawi anatsegula lipotilo ndi funso lina. Pamaliro timafunsa kuti wapha ndani, pamene chikalatachi chikuyankha kuti zinayenda bwanji. Lipoti loyamba litatuluka mu August 2024 ambiri analitaya kuti mulibe kanthu. Komiti yofufuza ya Justice Jabbar Alide inanena mu December 2024 kuti sinapeze umboni wa chiwembu, ena n'kupukusabe mitu. Sindikuwaseka. Dziko limene silijambula mawu a pa bwalo la ndege lisadabwe anthu ake akamadzaza okha mpatawo.

Lipoti lomaliza, la mu June 2025, linamanga mfundo yake motere: ndege imene inkauluka modalira maso a oyendetsa inalowa m'nyengo yofuna kuuluka modalira zida, n'kugunda mtunda wokwera. Likutchulanso zothandizira ngoziyo: kupitiriza ulendo chapansipansi nyengo ili yokayikitsa, kusazindikira bwino pamene ali poyerekeza ndi mapiri, ndi kukonzekera ulendo kosakwanira. Taonani kuti injini mulibemo m'mndandandawu. Ndege inali m'manja mwa oiyendetsa mpaka pomaliza.

Ndime ya nyengoyi munthu wa ku Chiradzulu saifunira mphunzitsi. June ndi mwezi wa chiperoni. Ukaima pa Njuli kapena pa Mbulumbuzi m'mawa wotero, phiri la Chiradzulu, lotalika mamita 1,773, limasowa lonse ngati silinakhaleko, kamvula kakuwaza, minibasi za mumsewu wa Zomba zitayatsa nyali kunja kutacha kale. Dalaivala zikamukulira amapatukira pambali n'kudikira. Wa ndege alibe pambali. Pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola amadya mamita oposa 50 sekondi iliyonse, ndiye akamati mtengo uwo, wafika kale. Onaninso manambala: bwalo la Kamuzu ndi la Mzuzu onse ali cha m'mamita 1,200 ndi kanthu, koma pakati pawo Viphya yadzuka kupitirira nsonga ya phiri lathu lino. Amene akutsetsereka kunsi kwa mitambo kuti aziona nthaka, nthakayo ikumukwerera.

Pali kanthu kena kamene ambiri anakadumpha. Limodzi mwa malangizo oyambirira a BFU linapita kwa nduna ya zamtengatenga, kuti oyendetsa ndege azikhala ndi uthenga watsopano wa zida za wailesi zolondolera ndege m'dziko muno. Chinachititsa n'chakuti zida za ku Mzuzu zinkaonekabe pa mapu a oyendetsa ndege pamene pansi zinasiya kalekale kugwira ntchito. Kwa aliyense wokhulupirira makompyuta, apa mpoyenera kuima. Chifanizo cha pa kompyuta chimadya zimene wachipatsa. Ukachiuza kuti ku Mzuzu kuli chida cholondolera, chidzakuphunzitsa kutera ndi chida chimene kulibe.

Komabe mankhwala a ngozi ya mtundu uwu ali m'makina oyeserera kuuluka, otchedwa simulator. Edwin Link wa ku Binghamton ku America anapanga oyamba otchuka mu 1929, kabokosi kokhala ndi timapiko kogwedezeka ndi mpweya wa mivukuto, munthu n'kutsekeredwamo kuti aphunzire kukhulupirira zida m'malo mwa maso. Asilikali a ku America sanakalabadire mpaka 1934, pamene anapatsidwa ntchito yonyamula makalata ndipo oyendetsa awo angapo anafa m'nyengo yoipa m'masabata ochepa. Anagula asanu ndi limodzi. Simulator ya lero imaika mphunzi m'chipinda chofanana ndi cha ndege yake, mlangizi n'kumutsitsira mitambo pang'onopang'ono, kumuonjezera uthenga woti kutsogolo kukuipiraipira. Chimene amayesa si luso la manja lokha. Amaona mphindi imene munthuyo anene kuti basi, tikwere pamwamba kapena tibwerere, ndiponso ngati mnzake wa pampando winawo ali ndi chilolezo chomutsutsa ngakhale ali wamng'ono pa udindo. M'gulu la asilikali, mmene nyota za paphewa zimalankhula, limeneli si phunziro lapafupi.

Ndipo pali katundu wina amene GPS siyeza. Ndege yomweyi ndi imene inanyamula thupi la Ralph Kasambara, amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, kupita nalo ku Mzuzu dzulo lake, ndipo m'mawa wa tsiku la ngoziyo inapita ku Lilongwe kukatenga Wachiwiri kwa Pulezidenti kuti akafike pamaliro ku Nkhata Bay. Maliro sadikira, ndipo kumbuyo kwakhala bwana wamkulu. Lipoti likutchula chiganizo chopitiriza ulendo monga chothandizira ngozi, koma zimene zinalankhulidwa m'chipinda cha oyendetsa pamene chiganizocho chinkapangidwa zinapita nawo, poti chojambulira mawu munalibe.

Timadontho ta Garmin tija tilipo. Tingathe kulowetsedwa mu simulator pamodzi ndi mapiri a Viphya ndi mitambo ya tsikulo, kuti msilikali aliyense wophunzira ndege ku Airwing ku Zomba aulukenso ulendo wa MAF-T03 mphindi ndi mphindi, mlangizi akumuimitsa pa kukhota kulikonse n'kumufunsa kuti, apa inuyo mukanatani? Funso limenelo lingafunsidwenso za Zomba, Mulanje ndi Chiradzulu, mapiri amene ndege zochoka ku Airwing zimakhala nawo pafupi chiperoni chikagwa.