Nyanda, Nsalu Yochokera ku Mtengo

Zitenje zisanadzaze misika ya pa Mpingu ndi Namitete, makolo athu ankavala nyanda. Mmisiri ankalowa m'nkhalango nasankha mombo wowongoka, kusenda khungwa, kupala chakunja chokakala, kenako n'kuviika lam'katilo m'madzi. Likafewa, ankaliyala pa chipika ndi kulimenya ndi kachibonga, pang'onopang'ono, mpaka litatambasuka n'kukhala chofunda chofiirira.

Ntchito imeneyi imandigometsa chifukwa cha kuleza mtima kwake. Ukamenya mwaukali umaboola, ukamenya mwaulesi nyanda imakakala pathupi. Dzanja linkayenera kudziwa malire, ndipo luso lotere munthu ankalitola atakhala pambali pa atsibweni kapena agogo, maso ali pa chipika. Mayi ankaberekeramo mwana, bambo ankamanga m'chiuno, ndipo usiku wa mu Juni banja linkafunda yomweyo.

Ku Uganda, Abaganda anasunga luso lawo la nsalu ya mtengo wa mutuba, moti UNESCO inalilemekeza mu 2005, chaka chomwe inalemekezanso Gule Wamkulu wathu. Kwathu kuno mitengo ya mombo ikuthera ku makala, ndipo okalamba odziwa kusula nyanda atsala owerengeka. Achinyamata akwathu akawafunse akadali moyo.