Old Fashioned pa Kutentha kwa ku Mangochi

Kuchokera pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay mabala ndi ambiri, kuyambira a m'mahotela ngati Sunbird Nkopola ndi Makokola mpaka a pamchenga ku Cape Maclear. Mlendo wofuna kudziwa luso la munthu amene ali kuseri kwa kauntala asaitanitse Malawi Gin ndi toniki, poti ameneyo aliyense amatha kuthira. Aitanitse Old Fashioned, kenaka ayang'anitsitse manja.

Chakumwachi chilibe pobisa cholakwa. Muli wisiki, shuga pang'ono, madontho a zowawitsa za Angostura, ayisi ndi khoko la lalanje, basi. Mu 1806 nyuzipepala ina ya ku Hudson, m'chigawo cha New York, inalemba kale kuti chakumwa chamtunduwu ndi mowa waukali, shuga, madzi ndi zowawitsa. Kabotolo ka Angostura, kaja ka pepala lotalika kuposa msinkhu wake, Amalawi timakadziwira pa rock shandy. Anakayambitsa ndi dokotala wa ku Germany, Johann Siegert, mu 1824 ku Venezuela ngati mankhwala a m'mimba, ndipo lero kamapangidwa ku Trinidad.

Katswiri amayamba ndi funso: "Bwana, tithire wisiki uti?" Kwawo kwa chakumwachi, ku America, amathira bourbon kapena rye, koma kunyanja kuno umakumana kawirikawiri ndi Jameson, Johnnie Walker kapena Jack Daniel's. Ukasankha Jack Daniel's, amene amazuna kale, iye amachepetsa shuga usanamuuze. Shuga wathu wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa sasungunuka msanga mu mowa wozizira, choncho amamunyowetsa kaye ndi Angostura ndi timadzi, n'kumutikita ndi supuni mpaka kulekeratu kulira pansi pa tambula. Waphuma amadumpha pamenepa, iwe n'kudzapeza mchenga wotsekemera pomaliza.

Koma mayeso enieni ali pa ayisi. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, ayisi ku Mangochi sachedwa kusanduka madzi, ndipo madziwo ndi mbali ya chakumwa: akachepa wisiki amawotcha kukhosi, akachuluka amafa. Ndimagoma naye barman amene amasiya timiyala tomwe takhala tikusambira m'ndowa, n'kupita kukatenga chibuma chimodzi chachikulu, chouma, mufiliji. Tambula amayamba waiziziritsa. Sakhutchumula ayi, amatakasa, supuni ikuyenda m'mphepete mwakachetechete, dzanja lokha likuzungulira pamene mkono uli phee. Ndipo amaleka msanga kusiyana ndi momwe angachitire mnzake wa pamwamba pa phiri la Zomba, chifukwa akudziwa kuti kutentha kumalizitsa ntchitoyo tambula ili m'manja mwako. Zimenezi sizili m'buku lililonse la kasakanizidwe ka zakumwa limene analembera anthu a kozizira. Munthuyu anaziphunzira poona matambula amene amabwerera pakauntala atatsala theka.

Lalanje lakuno nthawi zambiri limapsa khoko likadali lobiriwira, poti usiku sukuzizira mokwanira kuti lisinthe mtundu. Osadziwa amalinyoza, chonsecho mafuta onunkhira aja alimo. Iye amasenda mopyapyala, osafika pa zoyera zowawa zamkati, amafinyira khokolo pamwamba pa mowa, amalipaka kukamwa kwa tambula, n'kuliponyamo. Fungo ndilo liyenera kukufika mowa usanafike pa lilime.

Ntchito yonseyi imadya mphindi zingapo, ndipo Loweruka madzulo, alendo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe atadzaza, pamakhala ena ogogoda pakauntala. Ine ndili kumbali ya barman amene amawapepesa mwaulemu, n'kupitiriza kutakasa osasintha liwiro. Pomuweruza ndimadikira tambula ifike pansi. Ngati pamenepo wisiki akumvekabe, kuwawa kwa Angostura kukadalipo, ndipo palibe njere ya shuga yotsalira, ndimafunsa masiku amene amakhala pantchito.