Chitseko chilire chokha

Anthu akayamba kukamba za masewero akale a pa wailesi a ku America, aja ankamveka kuyambira m'ma 1930 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1960, nkhani yawo imangothera pa usiku umodzi. Amati pa 30 Okutobala 1938 Orson Welles ndi gulu lake la Mercury Theatre anaulutsa The War of the Worlds pa CBS, anthu n'kuthawa m'nyumba poganiza kuti zilombo za ku Mars zatera ku New Jersey. Nkhani imeneyi yandikwana. Chipwirikiti chimene amanenacho chinakokomezedwa ndi manyuzipepala a nthawiyo. Kampani ya C. E. Hooper, yomwe inkaimba mafoni m'makomo kufunsa zimene anthu akumvera, inapeza kuti usiku umenewo anthu awiri okha mwa 100 alionse ndiwo anali atatchera Welles. Ambiri anali pa NBC, kuseka ndi Edgar Bergen ndi chidole chake Charlie McCarthy. Koma ngakhale dziko lonse likanathawira kutchire, zikanatiuza chiyani za luso? Wabodza aliyense akhoza kuthamangitsa mudzi. Sewero sitiliyeza ndi kuchuluka kwa anthu amene linawapusitsa.

Luso la usiku umenewo lili pa kamphindi kamene okonda nkhani ya chipwirikiti sakatchula n'komwe. Mtolankhani wa m'seweromo, Carl Phillips, ali pa munda wina ku Grover's Mill, akusimba zimene akuona. Anthu akukuwa, moto ukumuyandikira, iye ali pakati pa chiganizo, basi mawu duu! Kenako zii. Wailesi yangoti chete kwa masekondi angapo, pomwe m'masiku amenewo wailesi sinkakhala chete. Palibe amene akutiuza kuti munthu uja wapsa. Timamuwotcha tokha m'mitu mwathu. Frank Readick, yemwe anasewera ngati Phillips, anakonzekera pomvera mobwerezabwereza mawu a mtolankhani weniweni amene analira pa maikolofoni pamene chombo cha mumlengalenga cha Hindenburg chinkapsa mu 1937. Ndiye tamverani gawo lomaliza la sewero lomwelo, pamene Welles mwini wake, ngati Pulofesa Pierson, akuyenda m'mabwinja n'kumatifotokozera zonse ndi liwu lake lokongola lija. Mantha aja athera pomwepo. Tikungowerengeredwa buku.

Ine ndimati sewero la pa wailesi limamangidwa ndi phokoso la zinthu pamodzi ndi chete, ndipo limagwa mlembi akangoyamba kufotokoza. Ambiri, ngakhale ena olemba masewerowa, amayesa wailesi ndi kanema wosowa maso, ndiye amaona kuti ntchito yawo ndi kutafunira munthu woti mano ali nawo. N'chifukwa chake mumamva munthu wa m'sewero akunena zimene wamoyo sanganene: "Bwanji wandilozetsa mfuti yakudayo imene wagwira kudzanja lamanja?" Ndani angafunse chotero imfa ili pamphuno? Munthu wolozetsedwa mfuti mpweya umamuthawa, mawu amatsamwa pakhosi, ndipo mfutiyo ife timaimva ikamakokedwa kuti khethe. The Shadow, yomwe anthu amaikumbukira chifukwa cha kuseka koopsa kuja, inali yodzaza ndi matenda amenewa, ndipo paliponse pamene nkhani yalephera kuopsa ankangoliza limba mokweza. Imeneyo sinditayirapo nthawi.

A ku Britain vutoli analiona msanga. Mu Januwale 1924 BBC inaulutsa A Comedy of Danger la Richard Hughes, limodzi mwa masewero oyambirira kulembedwera wailesi. Hughes anaika anthu ake m'mgodi wa malasha ku Wales, magetsi n'kuzima. Poti iwo sakuona, womvera naye sakumanidwa kanthu. Onse ali mumdima umodzi. Inali nzeru ndithu, koma sungazimitse magetsi sabata ndi sabata.

Amene anapeza njira yeniyeni ndi Lucille Fletcher, ndi sewero lake la Sorry, Wrong Number, lomwe linamveka koyamba mu pulogalamu ya Suspense pa 25 Meyi 1943. Mayi Stevenson ndi wodwala, sadzuka pabedi, ndipo usiku uno ali yekha m'nyumba ku New York. Akuimbira mwamuna wake ku ofesi, foni siikulowa. Mawaya asokonekera, iye n'kumva amuna awiri akupangana zopha mayi wina nthawi ikakwana 11:15, pamene sitima idutsa pa mlatho, kuti phokoso lake likwirire kukuwa. Iwo sakumumva. Kuchokera apo sewero lonse ndi mayi uyu ndi foni yake. Aimbira wolumikiza mafoni, aimbira wamkulu wake, aimbira apolisi, aimbira kuchipatala kupempha namwino. Aliyense akumuyankha ndi ulemu wozizira wa pantchito, womuthandiza palibe. Pakati pa zonsezi auzidwa uthenga wa telegalamu woti mwamuna wake sabwera, wapita ku Boston.

Taonani zimene Fletcher wachita. Pa foni munthu aliyense amafanana ndi womvera wailesi, liwu amalimva koma nkhope saiona. Sipakufunikanso mdima wa mumgodi, sipakufunika wosimba nkhani. Zonse zimene mayiyu akudziwa wazidziwa ndi khutu, ndipo ife tazimva naye limodzi. Timayamba ndife kuzindikira iye asanazindikire. Pamene akukalipira wapolisi, n'kutchula kuti nayenso amakhala pafupi ndi mlatho, kuti wantchito wake lero kulibe, ife mtima wagunda kale. Mafoni a nthawi imeneyo anali ozungulitsa ndi chala, ndipo kulira kwa kagudumu ka manambala kaja kumabwerera mobwerera mpaka kumakhala ngati wotchi yowerengera mphindi zimene zamutsalira. Ndiye pafika kaphokoso kochepetsetsa m'sewero lonse. Ali pa foni, angomva kuti kethe. Wina wanyamula foni ya m'chipinda chapansi. Kakethe kameneko kanena zimene tsamba lathunthu la mawu silikananena: m'nyumba muli munthu, ndipo akumvetsera. Mapazi pa masitepe. Sitima ija ikubwera, kukuwa kwake n'kumira m'phokoso lake ndendende monga anapanganira amuna aja. Wakupha anyamula foni, ayankha wa kupolisi mwaulemu ndi mawu amene ali mutu wa sewerolo, n'kudula.

Agnes Moorehead, yemwe anasewera mayiyu ndipo anabwereza sewero lomweli kangapo pa Suspense, sanayese kutikondetsa naye. Mayi Stevenson ndi waukali, wodzimva, wolamula anthu ngati onse ndi antchito ake. Poyamba mumamvetsa chifukwa chimene akumuyankhira mozizira. Koma liwu lija limanka likwera, linka lisweka, mpaka kutsala kunong'ona kwa munthu amene akuopa kuti mpweya wake womwe umveka pansi. Zonsezi m'theka la ola! Mu 1948 a ku Hollywood analipanga filimu, Barbara Stanwyck n'kukhala mayiyo, ndipo pofuna kulitalikitsa anadzazamo mbiri ya banjalo yotifotokozera chifukwa chimene mwamuna anafunira kupha mkazi wake. Ndani anafunsa?

Anthu amayesa zimenezi ndi za masewero oopsa okha. Ayi, a nthabwala ankazidziwa bwino kuposa. Mu Fibber McGee and Molly, sewero la Jim ndi Marian Jordan lomwe linayamba mu 1935, munali kachipinda kosungiramo katundu komwe McGee anakadzaza mpaka kukamwa. Kuyambira mu 1940, wina akangoti atsekule chitseko chake, katundu yense ankagumukira pansi: gubudu, phwaa, ngwengwengwe, zitsulo, mbale, nsapato. Munthu wa maphokoso ankaunjika zinthu pa masitepe mu situdiyo n'kuzigubuduza. Koma nthabwala yeniyeni sinali m'chigumukire. Zonse zikatha kugwa, pamakhala kachete, kenako kabelu kamodzi kakang'ono n'kulira kokha kuti ngee. Apo ndi pamene McGee ankanena modekha kuti tsiku lina adzakonza kachipindako. Chotsani kabelu kaja ndi kachete kaja, mutsala ndi phokoso la zitini.

Jack Benny ndiye anafika pochititsa anthu kuseka osanena kanthu. Kwa zaka zambiri pulogalamu yake inamuumba ngati munthu woumira koopsa. Ndalama zake ankasunga pansi pa nyumba, ndipo akati akatenge, omvera ankatsika naye: mapazi ambirimbiri pa masitepe, maunyolo, zitseko zolemera, mabelu ochenjeza, mlonda amene wakhala pansipo nthawi yaitali mpaka sadziwa zimene zikuchitika kunja. Galimoto yake yakale ya Maxwell inkatsokomola ndi kubanika kudzera pakamwa pa Mel Blanc. Ndiye mu Malichi 1948 wachifwamba amuimitsa usiku n'kumuuza kuti asankhe, ndalama kapena moyo. Benny zii. Anthu ayamba kuseka. Wachifwamba abwereza mokalipa, Benny n'kuyankha kuti akuganizirabe. Yankho lija ndi lokoma, koma anthu anali atayamba kale kuseka lisanabwere, chifukwa m'kachete kaja aliyense ankamuona m'maganizo akuwerengera makobiri ake. Chete ameneyo anamulima kwa zaka zoposa khumi. Mlembi wamantha akanamuyankhulitsa msanga.

Amisiri a maphokoso anthu sawatchula, chonsecho ndiwo anali amisiri omanga. Zikamba za kokonati zinali mapazi a hatchi, pepala lonyezimira lokutira zinthu akalifinya linali moto, chitsulo chopyapyala akachigwedeza chinali bingu. Zimenezi aliyense amazidziwa ndipo amazikamba ngati zoseketsa. Chosowa ndi kudziwa phokoso loti lilowe, loti litsale, ndi mtunda wake kuchokera pa maikolofoni. Inner Sanctum ya Himan Brown inkayamba ndi chitseko cholira kwee pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri chitsekocho chinkaopsa kuposa nkhani imene inkatsatira. Arch Oboler wa Lights Out ankakonda maphokoso a mafupa othyoka ndi mnofu wong'ambika. Kumeneko ndi kunyansitsa chabe, mwana aliyense angathe. Pamene lusoli linakhwima ndi pa Gunsmoke, yomwe CBS inayamba mu 1952, wailesi yakanema itayamba kale kulanda omvera. Norman Macdonnell ndi John Meston, pamodzi ndi amisiri a maphokoso Tom Hanley ndi Ray Kemper, anamanga tauni ya Dodge City mosanjikiza: pafupi anthu awiri akucheza, kumbuyo kwawo ngolo ikudutsa, kutali galu akuuwa. Mwini nkhaniyo, Matt Dillon, akamayenda mumsewu mumamva zitsulo za kunsapato zake, ndipo mapazi a mnzake Chester mumawasiyanitsa ndi ake. Amatha kuyenda chamtunda osayankhulana, inu n'kudziwa kuti zinthu sizili bwino. William Conrad, mwini liwu la Dillon, anali munthu wonenepa, ndipo sewerolo litapita pa wailesi yakanema mu 1955 anamusiya n'kutenga James Arness wamtali uja. Pa wailesi Conrad anali wamtali monga mmene womvera aliyense anafunira.

Wina anditsutsa kuti Dragnet ya Jack Webb ndi Yours Truly, Johnny Dollar zinali ndi wosimba nkhani ndipo zinali zabwino. Ndivomera. Koma tamvetserani zimene amasimba. Webb amatchula nthawi ndi malo, n'kukhala chete kuti mapazi ayende m'khonde la kupolisi. Johnny Dollar amawerenga ndalama zimene wawononga pa ulendo, za takisi, za hotela, ndipo kuwerengako kumationetsa khalidwe lake. Wosimba nkhani wotero akutidumphitsa mtunda ndi nthawi. Amene ndikukana ine ndi uja wotiuza kuti mayi wachita mantha pomwe tili ndi makutu oti timve yekha akunjenjemera.

Pa 30 Seputembala 1962 CBS inaulutsa Suspense ndi Johnny Dollar komaliza, ndipo ku America nyengo imeneyi amaiwerengera kuti inathera pomwepo. Kwathu kuno wailesi sinafe. Amene anakulira pa Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC, kapena pa Poceza M'madzulo ya Julius Chongo ku Zambia, akudziwa kuti banja lonse limatha kuzungulira kawailesi kamodzi n'kuona mudzi wathunthu. Omvera tili nawo. Chimene chimandiwawa ndi masewero ambiri a masiku ano, makamaka onyamula uthenga wa zaumoyo ndi chitukuko. Anthu anayi aima mtunda umodzi kuchokera pa maikolofoni, kumalandirana ziganizo zazitali zofotokoza, tambala n'kulira kamodzi koyambirira kuti tidziwe kuti kwacha. Amati ali kumsika, msikawo osamveka. Amati mayi akusinja, musi osagunda. Pomaliza pabwera mlangizi kudzatibwerezera zonse zimene tamva kale.

Masewero akale ndatchulawa ambiri akupezeka pa intaneti. Inu olembera wailesi, funani Sorry, Wrong Number la 1943, mulimvere osachita china, ngakhale Chingerezi china chikudutseni. Mukatero tengani sewero lanu ndi cholembera, mufufute chiganizo chilichonse chimene chitseko, mapazi kapena chete akanatha kunena, ndipo munthu wa maphokoso mumuitane tsiku loyamba lokonzekera, osati lojambula.