Wolemba Wokhala Chete m'Kalasi ya Chingerezi

Mu 1936 yunivesite ya Iowa ku America inakhazikitsa maphunziro a luso lolemba otchedwa Iowa Writers' Workshop, ndipo kaphunzitsidwe kake kanafalikira mpaka ku yunivesite ya East Anglia mumzinda wa Norwich ku England, kumene Malcolm Bradbury ndi Angus Wilson anayambitsa digiri yofanana nayo mu 1970. Mwambo wake ndi wakuti wophunzira amagawira anzake nkhani yomwe walemba, iwo amakaiwerenga, ndipo tsiku la kalasi amaiunika mwini wake ali chete. Kukhala chete kumeneku kuli ndi cholinga chabwino, chifukwa buku likatuluka mlembi sadzakhala pambali pa wowerenga aliyense kumufotokozera zimene ankatanthauza. Koma kwa munthu amene Chingerezi anachipeza pa bolodi osati kumsana kwa amayi ake, ndikuona kuti mwambowu umaika nkhani yake m'manja mwa oweruza amene amamva chinenero chimodzi pa ziwiri zomwe zikugwira ntchito m'chiganizo chake.

Tiyerekeze kuti wophunzira wa ku Dedza akulemba m'Chingerezi za mtengwa amene akuyankha apongozi ake. M'Chichewa ulemu uli m'mawu enieniwo: "inu" osati "iwe", "abwera" osati "wabwera". Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha la "iwe" ndi "inu", choncho mlembi watcheru amazungulitsa chiganizo, kuchitalikitsa pang'ono, kuti kugwada kwa mtengwayo kumveke. Anzake a ku Ohio kapena ku Norwich adzalemba m'mphepete kuti chiganizocho n'cholemera, achidule. Chimodzimodzi mawu ngati zii, mbuu kapena phwii, amene kwathu amajambula chinthu chonse ndi kaphokoso kamodzi. M'kalasi muja amaoneka ngati zachibwana. Ngakhalenso "amayi aang'ono" akasanduka azakhali m'Chingerezi, ubale wonse wa pakhomo wasokonekera, ndipo palibe wa m'kalasimo angazindikire kuti pataika kanthu. Wophunzira wofuna kukondweretsa anzake amagwera m'dzenje limodzi mwa awiri: amasalaza zonse mpaka nkhani yake kumveka ngati ya aliyense, kapena amayamba kufotokoza mwambo uliwonse ngati akuperekeza alendo okaona malo. Dzenje lachiwirili ndilo loipa kwambiri, chifukwa limasintha munthu amene nkhaniyo ikumuyankhula.

Mabuku ena amphamvu a ku Africa kuno akanavulala akanadutsa m'chipinda chotere. Gabriel Okara mu The Voice ya 1964 anadzetsa dala kaumbidwe ka ziganizo za Chiijaw m'Chingerezi. Ken Saro-Wiwa mu Sozaboy ya 1985 anasakaniza Chingerezi cha kusukulu ndi cha mumsewu kuti msilikali wachinyamata wosaphunzira kwambiri afotokoze nkhondo m'mawu akeake. Chomwe mphunzitsi wa galamala akanachonga ndi cholembera chofiira ndicho chinanyamula mabukuwo.

Wina anganene kuti maphunzirowa atulutsa alembi abwino ochokera m'zinenero zina, ndipo n'zoona. Yiyun Li anachoka ku Beijing mu 1996 kukaphunzira sayansi ku Iowa, kenako analowa m'kalasi ya alembi. NoViolet Bulawayo, wobadwira m'Chindebele ku Zimbabwe, anaphunzira ku Cornell, napambana mphoto ya Caine mu 2011. Ndikuvomerezanso kuti si chiganizo chilichonse chopindika chomwe ndi luso; china n'cholakwika basi, ndipo mnzako amene wakuuza zimenezo wakuchitira zabwino. Komatu apa m'pomwe pagona nkhani. Ntchito yaikulu ya wophunzira wotere ndi kusiyanitsa cholakwa ndi cholowa chochokera m'chinenero chake, ndipo anzake omva Chingerezi chokha angamuthandize pa choyambacho, osati chachiwiri. Li anasankha Chingerezi chosalala, chosanunkha Chitchaina, pamene Bulawayo anasunga kayankhulidwe ka ana a ku Zimbabwe mu We Need New Names. Zisankho ziwirizi n'zosiyana kotheratu, ndipo palibe kalasi yomwe ikanawasankhira.

Otsatira Ngũgĩ wa Thiong'o, amene mu Decolonising the Mind ya 1986 analimbikitsa kulemba m'zinenero zathu, angati mankhwala ake n'kusiya Chingerezicho. Mfundo yake ndi yolemera, ndipo yunivesite ya Rhodes ku South Africa imalola ophunzira a luso lolemba kulemba m'Chixhosa. Koma ambiri adzapitirizabe kulemba m'Chingerezi, ndipo iwowa akusowa owerenga a makutu awiri. Gulu la Writers' Group lomwe linayamba ku Chancellor College mu 1970, momwe munali Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande, linkaunika ndakatulo za Chingerezi pakati pa anthu omva mwambi wa Chichewa kapena Chitumbuka wobisala pansi pake. Wopita ku Iowa kapena ku Norwich apeze wowerenga mmodzi wotere, ngakhale wa pa foni, amene aziona nkhaniyo isanafike m'kalasi komanso ikabwerako yochongedwa.