THE SOCIAL DILEMMA: FILIMU YABWINO, KOMA YAIWALA MTENGO WA BANDULO

Filimu yochedwa The Social Dilemma inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu September 2020. Anaikonza ndi Jeff Orlowski wa ku America, ndipo imatenga ola limodzi ndi mphindi 34. Nkhani yake ndi ya kanthu kamene kali m'thumba mwanu pamene mukuwerenga tsamba lino: foni, pamodzi ndi Facebook, Instagram, YouTube ndi zina zotere zimene zimakhala m'menemo. Ndikuuzeni poyambirira pomwe kuti filimuyi ndi yoyenera kuionerera. Koma anzanga acinyamata, muionerere mocenjera, cifukwa anaikonza akuganiza za ana a kwao, ndipo pali cinthu cimodzi cacikulu cokhudza inu ndi ine cimene siinanene.

Mphamvu ya filimuyi ili mwa anthu amene akulankhulamo. Ambiri a iwo ndi eni ake amene anapanga zinthuzi ndi manja ao. Muli Tristan Harris amene anagwirapo nchito ku Google. Muli Justin Rosenstein, mmodzi wa amene anapanga kabatani ka Like pa Facebook. Muli Aza Raskin amene anatulukira njira yakuti tsamba lisamafike pothera, cala canu cizingokankha, nkhani zizingobwera. Mulinso Tim Kendall amene anali mkulu woona za kupeza ndalama ku Facebook, pambuyo pake nakhala mtsogoleri wa Pinterest. Mwini msampha akamafotokoza yekha mmene umagwirira, mbewa yanzeru imachera khutu.

Zimene akunena ndi izi. Makampaniwa satilipiritsa polowa, cifukwa ndalama zao amazipeza kwa amalonda amene amaikamo zotsatsa. Cimene amagulitsa kwa amalondawo ndi maso athu ndi nthawi yathu. Motero makina ao amasunga zonse: cithunzi cimene mwaimapo, masekondi amene mwakhalapo, ndi zimene mumakonda kuona usiku. Akatero amakusankhirani cinthu cotsatira cimene cidzakuvutani kucilumpha. Harris akuyerekeza kukokera tsamba pansi kuti muone zatsopano ndi makina a juga a ku Las Vegas. Inu amene munaonapo munthu ataima pa bonanza, akuponya kakobili kena ndi kena poyembekeza kuti ulendo uno zigwa, mudzamva msanga. Pamenepa filimu yalasa ndithu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pakati pa zokambazi aikamo sewero la banja lina. Mai atsekera mafoni a onse m'kabokosi kuti banja lidye cakudya camadzulo pamodzi, koma mtsikana wamng'ono, Isla, aphwanya bokosilo cakudya cisanathe. Iye yemweyo aika cithunzi cake pa intaneti, wina n'kuseka makutu ake, ndipo tikumuona ataima pa galasi misozi ikutsika. Mbali imeneyi ndi yoona. Mtsikana aliyense amene anafutapo cithunzi cake cifukwa ca mau a munthu mmodzi adzadziona pamenepo.

Nkhani ya mlongo wake, Ben, ndiye yanyanya. Ben alonjeza kukhala sabata yathunthu osagwira foni, alephera, ndipo pomaliza apezeka pa msonkhano wa anthu aukali a ndale, apolisi n'kumugwira. Amuna atatu ofanana nkhope, amene onse ndi Vincent Kartheiser, aima m'cipinda camdima ndi kumamuyendetsa ngati kadoli ka zingwe. Mnyamatayu amuonetsa ngati munthu wopanda maganizo akeake. Woonerera angathe kucokapo ndi mtima wakuti palibe cimene iye angacite, mlandu wonse ndi wa makina. Ndiponso amisiri aja akamati colinga cao cinali cabwino, palibe amene akuwapanikiza ndi mafunso owawa. Amene anachera msampha ndi omwewo amene apatsidwa mpando wa aphungu.

Tsopano tifike pa cimene caiwalika. Filimu yonse yaima pa mfundo yakuti zinthuzi ndi zaulere, ndipo ife timalipira ndi nthawi yathu cabe. Ku nyumba ya Ben zingakhale conco, pakuti simudzamumva akudandaula kuti bandulo yatha. Nanga inu wa ku Chipata, Katete kapena Matero? Musanaone vidiyo ngakhale imodzi, mwayamba mwagula bandulo kwa Airtel, MTN kapena Zamtel. Malaiti akapita, ena amalipiranso kuti achajitse foni pa kantemba. Ndiye kuti ife timalipira kawiri. Amalonda akunja amagula maso athu, ndipo ife timatulutsa makwaca athu kuti maso athuwo akafike pamsika wao. Vidiyo imadya bandulo kuposa mau olemba, koma ndi vidiyo yomweyo imene imakhala ikubwera yokha, ina ikatha ina.

Kusowa tulo ndi kudziyerekeza ndi anzathu, zimene filimu ikunena, n'zoona ndipo zafika kale kwathu kuno. Koma pamwamba pake ife tili ndi zina. Ndalama ya bandulo ndi yomwe ikanakhala ya sopo, ya minibasi, ya makope kapena ya ndiwo. Cenji ya kumsika ikamasowa, mkangano umabuka pakhomo. Wina amakongola tokotaimu usiku, m'mawa akaikamo ndalama n'kupeza kuti yadulidwa kale. Mtendere wa mumtima wa wacinyamata wa kuno umayenda pamodzi ndi thumba lake, ndipo pa nkhani imeneyi filimu ili cete.

N'cifukwa cake uphungu wina wa kumapeto sutiyenera. Jaron Lanier akulangiza kuti tingofuta maakaunti athu. Kodi mungamuuze zimenezo mtsikana amene amagulitsa salaula poika zithunzi pa WhatsApp ndi Facebook, nalandira malipiro pa foni yomweyo? Nanga wophunzira amene manotsi a kusukulu amamufika pa gulu la WhatsApp? Kwa iwo foni ndi khasu, ndipo munthu sataya khasu cifukwa lamuturutsa matuza. Dziwaninso kuti a Facebook anayankha mu October 2020, akuti filimuyi yakokomeza nkhani. Iwo anali kudziteteza, inde, koma kumbukirani kuti Netflix, kumene filimuyi ikupezeka, nayonso imakusankhirani zoonerera ndipo imayambitsa yokha gawo lotsatira la sewero.

Tengani zimene zili zothandiza, pakuti zilimo. Zimitsani timauthenga timene timaliza foni nthawi iliyonse. Ikani ola limene foni imatuluka m'cipinda cogona. Vidiyo muzisankha nokha, osangolandira imene makina akupatsani. Nkhani yokwiyitsa muziyamba mwaifufuza musanaitumize kwa ena.

Pa zimenezi onjezani cimodzi cathucathu. Tengani kope, ndipo kwa mwezi umodzi lembani bandulo iliyonse imene mwagula ndi mtengo wake. Mafoni amakono amaonetsa okha pulogalamu imene yadya data yambiri, pitani mukaone. Gawani tsamba pawiri, uku zimene zinakubweretserani kanthu, monga malonda, maphunziro kapena kulankhula ndi abale akutali, uku zimene zinangodya. Pakutha pa mwezi wonkhetsani, ndipo muyerekeze ndi mtengo wa thumba la ufa la makilogalamu 25. Mukatero, nthawi ina mukafuna kugula bandulo, mudzayamba mwadzifunsa kuti ndi yacani. Ben analibe cida cimeneci. Bandulo imene imatha ndi yowawa, koma imatipatsa mpata woima ndi kuganiza, umene tsamba lopanda pothera lija silifuna kutipatsa.

Ngati mungathe, ioneni filimuyi pagulu, kusukulu kapena pa msonkhano wa acinyamata, kuti mtengo wa data mugawane. Ili m'Cingerezi cofulumira, motero pakhale wina womasulira mbali zovuta. Ikatha musathamangire kunyumba. Aliyense anene ndalama zimene anaononga pa bandulo sabata yatha, ndi cimene anapindulapo.