Ng'oma ya Ogwetsana pa Mhuju

Mbi! Mbi! Mbiti-mbiti-mbi! Kolezani moto tiwambe ng'oma, chikopa chalefuka ndi mphepo yotsika ku Nyika. Monire a Gondwe, monire a Mhango, a Msiska, ndi inu aNyaKumwenda mwatsamira thumba la chimanga uko. Ine mlendo m'chigwa cha Henga ndaima pakhomo la nyumba ya vidiyo pa Mhuju, pomwe jenereta ikutsokomola ndipo ana opanda ndalama yolowera akusuzumira pa mng'alu wa matabwa. Mafumu ali ndi tsiku lawo ku Bolero pa Gonapamuhanya. Lero ng'oma ndi ya ogwetsana.

Aphunzitsi apukusa mutu. Ati, "Zabodza izo, wopambana amadziwika asanamange nsapato." Mwanena zoona, aphunzitsi. Eni ake anaulula okha mu 1989 kwa aphungu a ku New Jersey, pothawa msonkho ndi malamulo a bungwe loyang'anira nkhonya, kuti zonsezo n'zosangalatsa anthu basi. Khalani pansi apa, ng'oma ikuyankheni.

Mbi! Undertaker, mdzukulu wamkulu wa kumanda! Wolowa magetsi atazima, belu la maliro likulira, woyenda ngati wanyamula bokosi. Mtengo wa ku Texas, wotembenuza maso oyera, wodzuka tsonga anthu atayamba kale kugawana zovala zake. Unalowa mu 1990, unatuluka mu 2020, zaka 30 msana ukumenya pansi. Kokwana 21 sunagwe pa WrestleMania, mpaka Brock Lesnar anakugoneka ku New Orleans mu 2014, anthu n'kugwira pakamwa ngati amva uthenga wa imfa. Anakulembera kugwa kumeneko, inde. Nanga kutsimphina kwako pochoka, analembanso ndani?

Mbiti-mbi! Mick Foley, thumba la makala loponyedwa pa lole! Ku Pittsburgh mu 1998 mdzukulu uja anakukankha pamwamba pa khola lazitsulo, mamita pafupifupi 5, ukagwera pa tebulo la owulutsa mawu, tebulo n'kuphwasuka. Anakuika pa machira, iwe n'kutsikapo, n'kukweranso khola lomwelo. Denga linabooka, unagwanso, dzino lako likuoneka pamphuno. Chitsiru chokondedwa, mwana wosamva mkuwo wa amake! Dzino limenelo, aphunzitsi, mulitche labodza ndimve.

Kurt Angle, khosi lothyoka lonyamula golide! Iwe unayamba ndi kugwetsana kosalembedwa, pa Olympics ya ku Atlanta mu 1996, kenaka unalowa m'bwalo la zingwe osaona manyazi. Rey Mysterio, kanthu kakang'ono, tsabola wa kambuzi, gologolo wa pazingwe, mwini 619 ya ku San Diego, wobisa nkhope m'chigoba ngati uja wochokera kudambwe. Pita msanga, nawenso sukhalitsa pansi.

Tsopano gunda ilire. Gu! Gu! Kofi Kingston, mwana wa ku Kumasi, mwana wa Ghana amene anamuveka dziko la eni, namuuza kuti azilankhula ngati wa ku Jamaica mpaka 2009! Wogwa panja mapazi osakhudza pansi, woyenda ndi manja pofuna kupulumuka. Zaka 11 ukudikira pakhonde, anzako akudya m'nyumba. Pa 7 April 2019 unagwetsa Daniel Bryan, n'kukhala woyamba wobadwira mu Africa kunyamula lamba wamkulu wa WWE. Miyezi isanu ndi umodzi itatha, Lesnar yemwe uja anakulanda lambayo m'masekondi osakwana 10. Apo ndiye ndimakwiya nanu pamodzi, aphunzitsi. Wa cholembera analakwa. Isaac Chilemba wathu, pokamenyana ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016, anagonja ndi manja ake, atamaliza marawundi onse 12, palibe anamunong'oneza mathero. Ulemu umenewo ogwetsana alibe, ndipo ng'oma yanga sinama kuti ali nawo.

Tsitsani manja. Pang'onopang'ono. Owen Hart, mwana wa ku Canada, wazaka 34, amene chingwe chinamumasula ali kudenga ku Kansas City pa 23 May 1999. Ena mwa oonerera anayesa kuti ndi mbali ya sewero. Ng'oma ingodekha, dzina lake lidutse.

Mbi... mbi... mbiti-mbi! Mwamva mawu ndanenawo? Sewero. Mpira wa Bullets ndi Wanderers timati masewero. Za Izeki ndi Jakobo timatinso masewero. Pakamwa pathu pali dengu limodzi, Azungu ndiwo ali ndi awiri, n'chifukwa chake akukangana poti munthuyu amuike muti. Wovina malipenga amadziwa phazi lililonse asanafike pabwalo, amadziwa pomwe ng'oma idukire, koma kafinyeni malaya ake akatha. Ameneyo mungamuuze kuti sanagwire ntchito? Wogwetsanayo amanyamula mnzake wolemera kuposa matumba awiri a fetereza, n'kumutula pansi mwanzeru kuti mawa adzadzuke. Kumenya n'kosavuta. Kugwetsa munthu osamupha ndiko amaphunzira zaka.

Funsani mphwanga. Chaka chatha, fodya atapachikidwa, anakwera pa mtanda wa chigafa, atavala chigoba cha katoni ya sopo, anzake ataunjika makoko a chimanga pansi. Anakuwa dzina la Rey Mysterio, n'kulumpha. Makoko anaphonya. Mkono unati thyo! Tinamukweza pa kabaza akulira, amake akutukwana vidiyo, jenereta ndi mwini wake yemwe. Chenjezo loti musayesere kunyumba limatuluka m'Chingerezi, ndipo limadutsa ana akukanganirana benchi.

Ndi uyo wakhala kutsogoloyo, mkono wopindika pang'ono, akuwerenga ndi refa. Wanu! Thuu! Phewa ladzuka, nyumba yonse yaimirira. Aphunzitsi, mwaimiriranji inu? Mbi! Mbi! Mbiti-mbiti... Aa, jenereta yazima. Ndani ali ndi ya petulo?