Mphunzitsi Wosayankhula wa mu NES

Zimanditopetsa kuti anthu akamayamikira makina a magemu amangowerenga mphamvu zake: zithunzi zikuwala bwanji, liwiro ndi lotani. Akafika pa NES ya Nintendo amaipatsa ulemu wa gogo, kuti inadzutsa malonda a magemu ku America atagwa mu 1983, basi n'kudutsa. N'zoona, koma imeneyo ndi nkhani ya amalonda. Luso lake lili pena.

Makinawa, omwe anakonzedwa motsogozedwa ndi Masayuki Uemura, anatuluka ku Japan mu 1983 ndi dzina la Famicom, n'kufika ku New York mu 1985. Anali osauka zedi, RAM yake makilobaiti 2 okha. Malo a mawu ambiri ofotokozera wosewera zochita panalibe, choncho gemu inkayenera kuphunzitsa yokha.

Taonani chiyambi cha Super Mario Bros. ya 1985, ntchito ya Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka. Mario waima kumanzere, kumanja kuli mbee, ndipo chala chimadziwa chokha kolowera. Kakubwera kamdani kotchedwa Goomba pang'onopang'ono. Ukakagunda wafa, koma sunataye kanthu chifukwa wangoyamba kumene, ndiye ulendo wachiwiri umalumpha. Polumphapo mutu ukugunda bokosi, ndalama n'kutuluka. Bokosi lina likutulutsa bowa, ndipo pano m'pamene mtima wanga umadumpha! Bowayo amayenda, n'kugwa pansi, n'kugunda paipi yobiriwira, n'kubwerera kwa iwe. Ukufuna kumuthawa poganiza kuti ndi mdani, koma njerwa za pamwamba zikukupanikiza. Wakukhudza, wakula. Waphunzira kusiyanitsa bwenzi ndi mdani popanda wokuuza liwu ngakhale limodzi. Mapaipi otsatira akunka natalika, ndipo pamenepo umazindikira wekha kuti ukagwira batani nthawi yaitali umalumpha patali.

Magemu ambiri a lero amakukhazika pansi ngati uli ku kanema, kenaka n'kukulembera pa sikirini batani loti udine. Kumeneko n'kunyoza wosewera.

Choncho musandiuze za mamiliyoni oposa 60 a makinawa amene anagulitsidwa. Mpatseni mwana amene sadziwa Chijapani kapena Chingerezi mabatani aja, inu mukhale chete. Pakamatha mphindi imodzi adzakhala akulumpha yekha. Wopanga gemu aliyense wa lero adziyeze ndi mphindi imeneyo.